Wamanzere ndi Gitala ya Besi Yaifupi

Ine ndine wamanzere. Ndimalemba ndi dzanja lamanzere, ndimasesera lomwelo, ndipo ndikamaomba m'manja, lamanzere ndilo limamenya linzake. Nsima yokha ndiyo ndimadyera kumanja, ndipo amene adaonetsetsa kuti zitero ndi agogo anga aakazi. Ndili mwana, ndikangotambasula dzanja lamanzere kuti nditeme mbamu, iwo ankandigogoda zala ndi chipande n'kunena kuti, "Iwe, dzanja limenelo sadyera." Aphunzitsi anga a Sitandade 1 nawo adayesa kundilanda pensulo kumanzere n'kuiika kumanja, koma teremu isadathe adatopa nane.

Ndayamba ndi mbiri imeneyi chifukwa nkhondo yomweyo ndidakumana nayonso nditakula, pamene ndidayamba kuimba gitala ya besi m'gulu la achinyamata la kutchalitchi kwathu. Chaka chatha amalume anga, amene amagwira ntchito yomanga nyumba ku Johannesburg, adandilonjeza kuti andigulira besi yangayanga. Pa foni adandiuza mosapita m'mbali kuti, "Mwanawe, ndigula kamodzi kokha. Uganize bwino, chifukwa ikakwera basi sibwereranso kuno." Ndidaganizadi kwa miyezi iwiri, ndipo ndidasankha besi yaifupi yopangidwira anthu amanzere.

Anzanga ambiri oimba adati ndalakwitsa kawiri. Ena adati ndikadangophunzira kuimbira kumanja ngati wina aliyense. Ena adati besi yaifupi ndi ya ana. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti malangizo awiriwa, ngakhale amaperekedwa ndi mtima wabwino, amachokera pa chizolowezi chabe. Maganizo anga ndi akuti wamanzere amene akufuna besi ayambe wafunsa manja ake, ndipo ngati akugula chida chimene sadachigwirepo, besi yaifupi ndiyo ingamukhumudwitse pang'ono kuposa inzake.

Kufupika kwake kuli pati?

Tikamati besi ndi yaifupi kapena yaitali, sitiyeza gitala yonse. Timayeza gawo la nsambo limene limanjenjemera ikalizidwa. Gawoli limayambira pa kachidutswa ka fupa kapena pulasitiki kamene kali kumapeto kwa khosi, kamene oimba amangokatcha nut, n'kufika pa chitsulo chogwira nsambo pamimba pa gitala, chomwe amachitcha buriji. Mu 1951 Leo Fender wa ku California adatulutsa Precision Bass, ndipo gawo limeneli lidali mainchi 34, omwe ndi masentimita 86. Besiyi idafala kwambiri moti makampani ena ambiri adangotsata muyeso womwewo. Besi yaifupi, imene amalonda amaitcha short scale, imakhala mainchi 30 kapena kuzungulira pamenepo, ndiye kuti masentimita 76. Pakati pa ziwirizi palinso ya mainchi 32.

Kusiyana kwa masentimita 10 kungaoneke kochepa, koma manja amakumva m'njira zingapo. Pakhosi pa gitala pali timizere tachitsulo topingasa, mafureti, tomwe timagawa nsambo kuti itulutse mawu osiyanasiyana. Nsambo ikafupika, mafureti amayandikana. Kuchokera pa fureti yoyamba kufika pa yachinayi pali masentimita pafupifupi 13 pa besi yaitali, pomwe pa yaifupi pali 11 ndi theka. Aphunzitsi ambiri a besi amafuna kuti chala chilichonse chikhale ndi fureti yake, kuyambira chamkombaphala mpaka chaching'ono. Kwa munthu wa zala zazifupi ngati ine, sentimita imodzi ndi theka imeneyi ndi imene imanena ngati mkono uwawe nyimbo yachitatu isadathe kapena ayi. Kuwonjezera apo, fureti yoyamba ya besi yaifupi ili pafupi ndi thupi, choncho phewa silitambasuka kwambiri.

Chachiwiri ndi kukungika kwa nsambo. Nsambo yokhuthala kuposa zonse, ya E, iyenera kunjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi iliyonse, kaya ndi yaitali kaya ndi yaifupi. Kuti nsambo yaifupi itulutse liwu lomwelo, iyenera kukungidwa mofewerapo. Ngati nsambo ziwiri zili zofanana kukhuthala, ya mainchi 30 imakungika mocheperapo ndi magawo pafupifupi 22 pa 100 alionse poyerekeza ndi ya mainchi 34. Chala sichivutika kuikanikiza. Liwu nalo limasintha: limakhala lonenepa ndi lofatsa, lopanda kuthwa kwambiri. Kuipa kwake n'kwakuti nsambo ya E imatha kulobodoka n'kumagunda pa mafureti munthu akailiza mwamphamvu. Oimba ambiri amathetsa vutoli poika nsambo zokhuthalirapo.

Zimene chiyankhulo chimabisa

M'maphunziro a sayansi ya ziyankhulo timakumana ndi ganizo limene Nikolai Trubetzkoy ndi Roman Jakobson, akatswiri a gulu la ku Prague, adalifotokoza m'zaka za m'ma 1930, lotchedwa markedness. Mwachidule, pa zinthu ziwiri zotsutsana, chimodzi chimatengedwa ngati chanthawi zonse ndipo sichifuna kufotokozera, pomwe chinacho chimasenza chizindikiro. Tikamva kuti "dalaivala wa basi", ambiri timaona mwamuna m'maganizo mwathu. Akakhala mayi timawonjezera mawu n'kunena kuti "dalaivala wamkazi". Mayiyo sayendetsa moperewera, koma chiyankhulo chamuika pa mzere wachiwiri.

Manja athu awiri nawo adagawidwa motero. M'Chichewa timati dzanja lamanja ndi dzanja lamanzere. Ine ndikamamva mawu akuti "lamanja", ndimamva ngati dzanja limodzi latenga dzina la manja onse awiri, linalo n'kutsala ndi dzina lapadera. Atumbuka amati kumaryero, Ashona amati rudyi, Aswahili amati mkono wa kulia, ndipo mawu onsewa akukhudzana ndi kudya. Agogo anga sadaphunzire ziyankhulo zimenezi, koma chipande chawo chinkanena zomwezo. Ku Ulaya nkhani ndi yomweyo. Liwu la Chilatini lakuti sinister linkatanthauza kumanzere, ndipo m'Chingerezi lidasanduka dzina la chinthu choopsa. M'Chifalansa gauche ndi kumanzere komanso munthu wosalongosoka pochita zinthu. M'Chingerezi right ndi kumanja komanso chinthu cholondola.

Tsono taonani mmene amalonda a zida zoimbira amalembera katundu wawo. Akangolemba kuti bass guitar, ndiye kuti ndi yakumanja ndipo ndi ya mainchi 34. Sawonjezera kanthu. Imene ndinkafuna ine idali ndi zizindikiro ziwiri, chimodzi chonena za dzanja, china chonena za kufupika. Munthu akaona zizindikiro ziwiri pa chinthu chimodzi amayamba kuganiza kuti chinthucho n'choperewera. Chimene zizindikirozo zikunena n'chakuti ogula ake ndi ochepa. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 ndiye amakhala wamanzere, ndipo mwa amenewa ena amaimbira kumanja. Fakitale imene ikudula matabwa ndi makina imapindula ikamapanga zinthu zofanana zambirimbiri. Imeneyi ndi nkhani ya malonda, ndipo siyikutiuza kanthu za ubwino wa chidacho poimba. Ngakhale muyeso wa mainchi 34 sudayambe ndiwo. Paul Tutmarc wa ku Seattle adapanga besi yamagetsi yokhala ndi mafureti m'zaka za m'ma 1930, Fender asadatulutse yake, ndipo idali ya mainchi 30 ndi theka.

Kwathu kuno tili ndi umboni wina. Mnyamata wa m'mudzi akamakhoma gitala ya galoni, amadula khosi molingana ndi mkono wake, ndipo akakhala wamanzere amaika nsambo mmene dzanja lake likufunira. Babatoni, besi ya nsambo imodzi imene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi Yobu Maligwa wa Madalitso Band adaidziwitsa kunja, ilibe nsambo yapamwamba kapena yapansi yoti munthu n'kuisokoneza. Funso lakuti "yakumanja kapena yakumanzere" limabwera pamene wopanga chida ndi wochiimba ali anthu awiri osadziwana.

Njira zitatu za wamanzere

Njira yoyamba ndi kuphunzira kuimbira kumanja, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Pa gitala manja onse amagwira ntchito: lina limakanikiza nsambo pakhosi, lina limaziliza. Piyano imene timaidziwa ndi imodzi kwa aliyense, ndipo m'magulu akuluakulu a vayolini pafupifupi onse amagwira uta ndi dzanja lamanja. Mark Knopfler wa Dire Straits ndi wamanzere koma gitala amaimbira kumanja, ndipo malemu Gary Moore adali chimodzimodzi. Woimbira kumanja akhoza kubwereka chida kulikonse, akhoza kutengera zala za mphunzitsi wake mosatembenuza, ndipo akafuna kugulitsa besi yake ogula sasowa. Kwa ife amene gulu lonse limadalira besi imodzi ya mpingo kapena ya mwini zida, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Komabe umanzere umasiyana kukula kwake. Pali ena amene amangolemba ndi dzanja lamanzere koma mwala amaponya ndi lamanja. Otere akhoza kutsata Knopfler osavutika. Pali ena ngati ine amene ntchito iliyonse yofuna kulondola imathawira kumanzere. Pa besi, dzanja loliza nsambo ndilo limasunga nthawi ya nyimbo. Ndilo limalamula pamene liwu liyambire ndi mphamvu imene lituluke nayo. Woimba besi akakanikiza fureti yolakwika, omvera ambiri sazindikira, koma akachedwa pang'ono kapena kufulumira, ovina onse amamva m'miyendo. Ine ndidayesa kuimbira kumanja kwa milungu 6. Zala zakumanzere zinkathamanga bwino pakhosi, koma dzanja lamanja linkapunthwa ngati munthu woyenda mumdima, ndipo woimba ng'oma ankangondiyang'ana cham'mbali. N'chifukwa chake ndimauza mnzanga aliyense wamanzere kuti asadagule kanthu atsegule wailesi, atole tsache ngati gitala mosaganizira, aone dzanja limene layamba kuliza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Njira yachiwiri ndi kutembenuza besi yakumanja. Izi zimachitika mwa mitundu iwiri. Munthu akhoza kuitembenuza osasintha nsambo, yokhuthala n'kukhala pansi, yopyapyala pamwamba. Elizabeth Cotten ndi Albert King ankaimba gitala motero, ndipo Jimmy Haslip, mmodzi mwa oyambitsa gulu la Yellowjackets, adatchuka akuimba besi ya nsambo zotembenuka. Ine ndidayamba chonchi chifukwa besi ya kutchalitchi timaimba anthu atatu ndipo sindikadasintha nsambo zake. Zimatheka ndithu, koma buku lililonse ndi phunziro lililonse umayenera kulitembenuza m'mutu kawiri. Vuto lina ndi thupi la gitalalo. Mabatani okwezera mawu amene amakhala pansi, kutali ndi mkono, ukatembenuza amabwera pamwamba, pomwe mkono umatsamira. Tsiku lina tikuimba pa ukwati, akwati akulowa muholo, mkono wanga udapotoza batani ndipo besi idangoti zii. Ndidaliza nsambo mizere inayi yathunthu ndisadadziwe chimene chachitika. Titatha, wotsogolera gulu adandiitanira pambali n'kuti, "Achemwali, bwanji osangogwira ngati anzanu? Mwatichititsa manyazi lero." Ndidawapatsa besiyo n'kuti, "Achimwene, inu taigwirani kumanzere, muimbe nyimbo yomwe ija." Adayesa mzere umodzi, adaseka, ndipo nkhaniyo sadaiyambenso.

Mtundu wina wa kutembenuza ndi umene Jimi Hendrix ankachita pa gitala zake: kutembenuza chida n'kusinthanso nsambo kuti yokhuthala ibwerere pamwamba. Pa besi ntchito imeneyi si yongomasula ndi kumanga. Timipata ta pa nut tidadulidwa molingana ndi kukhuthala kwa nsambo iliyonse, choncho ya E singalowe m'kampata ka G, pomwe ya G imasewera m'kampata ka E. Pamafunika nut yatsopano. Buriji nayo iyenera kukonzedwanso, chifukwa nsambo yokhuthala imafuna kutalikirapo pang'ono kuti mawu a m'mafureti apamwamba asaphonye. Pokolekera lamba payenera kusamutsidwa, apo ayi khosi limangogwera pansi ukalisiya. Timadontho ta m'mphepete mwa khosi, tomwe timauza woimba pamene ali, timayang'ana pansi. Ine ndidapaka tanga ndi penti ya zikhadabo, ndipo mpaka lero tikadalipo pa besi ya mpingo. Ukamaliza zonsezi, mabatani aja amakhala akadali pansi pa mkono, ndipo ndalama zimene wapereka kwa mmisiri zadya zimene unkaganiza kuti wapulumutsa.

Njira yachitatu ndi kugula besi yopangidwira wamanzere kuchokera ku fakitale, imene chilichonse chili m'malo mwake. Imeneyi ndi imene ndikuikira kumbuyo kwa munthu amene tsache lamuuza kuti dzanja lake loliza ndi lamanzere.

Kodi besi yaifupi ndi ya ana?

Ganizo lakuti besi yaifupi ndi ya ana lili ndi pomwe lidachokera. Fender idatulutsa Mustang Bass ya mainchi 30 mu 1966 m'gulu la zida zomwe zidapangidwira ophunzira, ndipo mu 1971 idatulutsanso Musicmaster Bass yotsika mtengo. Mabesi ambiri otchipa a nthawi imeneyo adali aafupi, choncho anthu adagwirizanitsa kufupika ndi kutchipa. Koma tiyeni tione amene adaimba zida zimenezi. Paul McCartney, wamanzere wodziwika kuposa onse pa besi, adagula Höfner 500/1 ya mainchi 30 ku Hamburg mu 1961, ndipo nyimbo zoyamba za The Beatles zidajambulidwa ndi besi imeneyo. Idabedwa ku London mu 1972, ndipo mu 2024 kudalengezedwa kuti yapezeka n'kubwerera kwa mwini wake. Jack Bruce wa Cream ankaimba Gibson EB-3 ya mainchi 30 ndi theka. Bill Wyman wa The Rolling Stones ankakonda mabesi aafupi chifukwa cha manja ake aang'ono. Tina Weymouth wa Talking Heads adaimbapo Mustang. Stanley Clarke, munthu wamtali wa manja aakulu amene amaimbanso besi yoimirira ya nsambo zopitirira mainchi 40, adatchuka ndi Alembic yaifupi. Palibe mwana pa mndandanda umenewu.

Chitsanzo cha Clarke ndicho chimandifikitsa pa mfundo yanga yaikulu, yolumikiza umanzere ndi kufupika. Woimbira kumanja akafuna kudziwa ngati besi ya mainchi 34 ikumukwana, amangobwereka ya mnzake kwa sabata. Wamanzere alibe mwayi umenewo. M'masitolo onse amene ndidayendamo mu Blantyre ndi mu Lilongwe sindidapeze besi yakumanzere ngakhale imodzi yoti ndiyese. Ambiri a ife timagula kudzera mwa wachibale amene ali kunja, titangoona chithunzi. Tsono pogula mwa njira yotere, munthu ayenera kudzifunsa kuti kulakwitsa kopweteka kwambiri ndi kuti. Dzanja lalikulu likhoza kuimba besi yaifupi popanda vuto, monga Clarke adaonetsera. Dzanja laling'ono pa besi yaitali limawawa, ndipo wophunzira amene akumva kuwawa tsiku lililonse amasiya. Ngati sudziwa, yaifupi ndiyo ingakukwane kaya dzanja lako ndi lotani.

Palinso zifukwa zina zing'onozing'ono. Ambiri timafika pa besi titayamba ndi gitala wamba, imene nsambo zake zimakhala mainchi 25 kapena kuzungulira pamenepo, monga McCartney yemwe adayamba ndi gitala. Kulumpha kuchoka pamenepo kufika pa 30 n'kosavuta kusiyana ndi kufika pa 34. Ndipo ngati besi yakumanzere yasoweratu moti munthu akakamizika kutembenuza, mabesi ena aafupi ali ndi thupi lofanana mbali zonse, monga Höfner ya maonekedwe a vayolini, choncho akatembenuzidwa sasintha kwambiri. Chomaliza, amene adakwerapo minibasi atanyamula besi yaitali akudziwa mkangano umene umakhalapo ndi kondakitala. Yaifupi imaima pakati pa miyendo mutu wake osagunda denga.

Kugula uli kutali

Safunsa adadya phula. Pogula chida chimene uli nacho kutali pali mafunso amene ayenera kuyankhidwa ndalama zisadatuluke, ndipo ndilemba amene adandithandiza ine.

Loyamba, kodi besiyo ndi yakumanzeredi? Kamera yakutsogolo ya foni imatha kutembenuza chithunzi ngati kalilole, besi yakumanja n'kuoneka yakumanzere. Amalume adanditumizira chithunzi chotere kamodzi, ndipo ndidazindikira chifukwa zilembo za kumutu kwa gitala zinkawerengeka chobwerera. Njira yotsimikizira ndi kuimika besi mutu m'mwamba, nsambo zikukuyang'ana. Ikakhala yakumanzere, nsambo yokhuthala imakhala kudzanja lako lamanja, nyanga yaitali ya thupi lake imakhalanso kumanja, ndipo mabatani amakhala m'munsi chakumanzere. Osadalira nsambo zokha, chifukwa mwina wina adangozisintha.

Lachiwiri, kodi ndi yaifupidi? Wogulitsa zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito nthawi zina sadziwa. Fureti ya 12 ili pakatikati pa nsambo, choncho ukayeza kuchokera pa nut kufika pamenepo n'kuchulukitsa kawiri, wapeza yankho. Masentimita 38 akutanthauza besi ya mainchi 30, pomwe masentimita 43 akutanthauza ya mainchi 34. Amalume ankayenda ndi tepi yawo ya kuntchito m'thumba. Dziwaninso kuti pali zina zofupikirapo, monga Ibanez miKro ya mainchi 28.6, imene idatulutsidwanso ya amanzere. Imeneyi ndi yopepuka kwambiri, koma nsambo yake ya E imafewa kuposa ya mainchi 30.

Lachitatu, kodi imakhazikika ikakolekedwa pa lamba? Besi yaifupi ina imakhala ndi thupi laling'ono lopepuka moti khosi limalemera n'kumagwa. Pemphani wogulayo aikoleke, asiye manja, aone ngati mutu ukutsika. Dzanja limene likunyamula khosi silingathamange pa mafureti. Aonenso ngati khosi lili lowongoka poliyang'ana kuchokera kumutu, ndipo ailumikize ku ampulifaya n'kupotoza batani lililonse kuti amve ngati silikuchita phokoso.

Lachinayi ndi nsambo. Nsambo za besi yaitali sizikwana bwino pa yaifupi, chifukwa gawo lake lokhuthala limafika pa chotchunira n'kuyamba kuzengezedwa pamenepo, ndipo ya E imatha kuduka. Nsambo zilibe dzanja, zakumanja ndi zakumanzere ndi zimodzi, koma kutalika kwake kuyenera kulembedwa pa paketi. Amene akukugulirani besi agulenso mapaketi awiri a nsambo zazifupi tsiku lomwelo. Zikayamba kufa mawu, oimba besi ambiri amaziwiritsa m'madzi n'kuziumitsa bwino kuti zichotse litsiro ndi thukuta, ndipo zimatsitsimuka kwa kanthawi.

Zimene ndidataya posankha chonchi

Sindingamalize ndisadavomereze kuti chisankho changa chili ndi mtengo wake. Kulikonse kumene ndikupita kukaimba ndiyenera kunyamula besi yanga, ndipo nsambo ikaduka pakati pa mwambo sindingalande ya mnzanga. Anzanga awiri aja sangaimbe yanga. Tsiku limene ndidzafune kuigulitsa ndidzadikira nthawi yaitali kuti wogula apezeke. Popeza ndidazolowera nsambo zotembenuka pa besi ya mpingo, ndidatha pafupifupi miyezi itatu ndikuphunziranso nyimbo zimene ndinkazidziwa kale. Amalume nawo adayenda masitolo ambiri Loweruka lililonse kwa mwezi wathunthu asadaipeze, ndipo mtundu sindidasankhe. Ndinkafuna yofiira, idabwera yakuda.

Munthu amene zovuta izi zamulemera, ndipo dzanja lake lamanja likutha kusunga nthawi ya nyimbo, aimbire kumanja ndipo sadalakwe. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu wina, amene sadagwirepo gitala motembenuza ngakhale mphindi imodzi, agamule mlanduwu m'malo mwa mwini manja. Ndikupemphanso aphunzitsi a nyimbo ndi atsogoleri a makwaya kuti mwana akatola gitala n'kuigwira chakumanzere, asathamangire kumutembenuza. Amusiye aimbe mizere ingapo mbali zonse ziwiri, amvetsere mbali imene nyimbo ikuyenda bwino, ndipo akatero ndiye amulangize.

Besi yanga idafika pa basi itakulungidwa m'bulangete ndi makatoni. Patchuthi ndidapita nayo kumudzi, ndipo madzulo ena ndidakhala pakhonde n'kumailiza yosalumikiza ku magetsi. Agogo adandiyang'ana kwa kanthawi n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji waigwira chotembenuza? A pa kanema aja sagwira chonchotu." Ndidawayankha kuti, "Agogo, iyi adaipangira dzanja lomweli." Adaiyang'anitsitsa, adagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Chabwino, imba. Bola usadyere."